Mpando Wachiwiri wa Agogo Kadzankhungu

Lero chakwana chaka chiwaikireni Agogo Sipiliyano Kadzankhungu, ndipo m'mawa uno nkhungu yatsika m'mapiri a Ntchisi ngati yabwera kudzafunsa kuti munthu uja munamusiya pati. Yadzaza bwalo lonse, yafika mpaka pakhonde. M'khola mbuzi zikungomveka kutsokomola, osaoneka. Ine ndinatuluka kuti ndikataye madzi, ndazungulirazungulira, chimbudzi osachipeza, mpaka ndapezeka ndikupereka moni kwa nkhokwe ya eni ake.

Mukuti ndayamba kale kuwonjezera? Chabwino, ndimathira mchere pankhani, sindikana. Koma mcherewo ndinaupeza m'thumba mwa malemuwo, ndiye amene ali ndi dandaulo apite kumanda, awapeza chakumanzere kwa mtengo wa msuku.

Anali munthu wamfupi. Ndikati wamfupi musaganize za wamfupi wamba ayi. Akakwera njinga, iwe uli kutsogolo unkangoona chipewa chikubwera chokha pamwamba pa mahandulo. Jekete lawo lakuda, lomwe ankati linachokera ku Halale, linkawafika m'mawondo, ndipo m'matumba mwake simunkasowa mtedza ndi korona, zitasakanikirana, moti nthawi zina popemphera ankayamba asenda kaye. Kutchalitchi chathu chaching'ono, kuno kuseri kwa Msakambewa, ntchito yawo inali yoimba belu. Belu lake si belu lenileni, ndi chigudumu chachitsulo cha lole chopachika pamtengo. Masiku ena onse ankachimenya mwaulemu, ngati akugogoda pakhomo pa apongozi. Koma kukacha ndi nkhungu, kaya ndi Lamulungu kaya Lachitatu, ankachimenya mpaka akatekisiti kutuluka ndi mswachi mkamwa. Akawafunsa, ankangoti kuphiriko kuli wina wasokera, akufuna pomvera njira.

Akachoka kubeluko ankatulutsa mipando iwiri yosema, kuiika pakhonde moyang'ana kuphiri. Umodzi ankakhalapo okha. Winawo ankaikapo mbatata yophika, n'kuusiya. Ukayesa kukhalapo, ndodo inkafika pamsana usanapinde mawondo. Mpando umenewo unali wa amene atuluke m'nkhungumo. Ndipo ankatulukadi anthu: ogulitsa makala, amayi opita kuchigayo, oledzera amene njira inawakana dzulo lake, tsiku lina mpaka wapolisi njinga itamuphwera. Aliyense ankakhala, kudya mbatata, ndipo malipiro ake anali amodzi, kumvetsera mbiri ya dzina lathu kuyambira pachiyambi.

Ndati dzina lathu. Apa ndiye pali nkhani. Ine ndine Kadzankhungu, bambo anga a Matiyasi ndi a Kadzankhungu, kusukulu ankandiitana choncho. Koma mukanawafunsa Agogo Anasitaziya, mlongo wawo wa malemuwa, amene tonse timawatchula kuti Agogo Anasi, akanakuuzani osaphethira kuti ife dzinalo tinatola panjira ngati chitsononkho. Ankatitchula kuti ana a m'ngolo. Adzukulu awo ena aamuna ankawaseka kuti mwamuna wanga, mwamuna wanga, mmene achitira agogo onse, koma ine ndinkangokhala iwe. Amene ankatigwirira dzinali kuti lisatigwe anali munthu mmodzi yekha, wamfupi uja. Ndiye tsiku limene anatseka maso, bambo anga sanalire mokweza. Anangokhala kuseri kwa nyumba, manja ali m'mutu, ngati munthu amene denga lamuuluka.

Mbiri ya dzinalo ndiinene mmene ankainenera eni ake. Mfunda wathu ndi Phiri, koma Agogo ankati zimenezo si zoti munthu n'kunyadira, chifukwa a Phiri ali ngati nyerere. Ukaima pamsika wa Mponela n'kufuula kuti a Phiri, amatembenuka ogulitsa tomato, akabaza, kondakitala, ngakhale mbuzi yomangidwa pamtengo imakweza mutu. Koma Kadzankhungu ndi dzina la munthu mmodzi, ndipo munthuyo anali ndi tsiku lake lofikira.

Kalekale, nthawi imene anthu ankagona m'mapanga kuthawa nkhondo, mayi wina anapita kukatunga madzi kumsinde kwa phiri kukucha. Kunali nkhungu yoti ukatambasula dzanja zala osazionanso. Akuwerama kuti atunge, anaona mapazi. Atakweza maso, sanawakweze kwambiri, chifukwa mwini mapaziwo anathera pafupi. Kamunthu kakafupi, konyowa ndi mame, kopanda mkondo, kopanda phukusi. Sikananene kumene kachokera, ndipo mayiyo sanafunse. Anakapatsa chikho cha madzi, n'kukasenzetsa mtsuko, n'kukatsogoza kumudzi. Anthu atafunsa kuti kameneka n'ka yani, mayiyo anati kadza ndi nkhungu. Basi, dzina linamera pomwepo. Anthu a m'mudzimo anakapatsa khasu, kenako anakapatsa mkazi.

Apo mpomwe nkhaniyo inkakhala yofanana masiku onse. Zotsalazo zinkatengera kuti mbatata yatsala yochuluka bwanji. Tsiku lina kamunthuko kankakhala kamwana ka mfumu ya kutsidya kwa Bua. Tsiku lina kanagwa ndi mvula ya matalala. Tsiku lina ankati nkhungu ija inachita kukabereka kumsana ngati mwana, n'kudzakatsitsa pachitsime chifukwa msana unatopa. Ine ndinawafunsapo kuti Agogo, zoona zake ndi ziti? Anandiyang'ana ngati ndafunsa kuti nkhungu imagona nyumba iti, n'kundiuza kuti nditseke pakamwa ntchentche zingaikiremo mazira.

Za kufalikira kwa dzinali anali ndi nzeru yawoyawo. Ankati kwathu kuno munda ndi wa amayi, mudzi ndi wa amayi, manda ndi a amayi, koma dzina ndi la mkamwini. Mwamuna amalinyamula kupita nalo kumene wakakwatira, amalisiya pa ana, ana aamunawo n'kulinyamulanso kupita nalo kuchigwa china. Choncho dzina lilibe munda, lilibe nkhokwe, limagona paliponse pamene alilandira, ndipo dzuwa likakwera limanyamuka. Ankawatchula onse ngati akuwaona: wopha nyama wa ku Mponela, mphunzitsi wamkazi wa ku Madisi, osoka mphasa a kuseri kwa nkhalango ya Ntchisi, ena ku Kasungu, ena anapita ku Joni osabwerako. Sitili ambiri, ankatero, koma palibe chigwa chimene sitinagonemo.

Ndipo ankawatsatira. Akangomva kuti kwinakwake kwamwalira Kadzankhungu, kaya amudziwa kaya samudziwa, ankapopa njinga, kumanga nkhuku pakaliyala, ulendo. Anthu ena amatolera mabotolo, iwo ankatolera maliro. Agogo Anasi ankaima pakhomo manja ali m'chiuno.

"Achimwene, fodya akuuma m'munda, inu mukupita kukalira munthu woti simunamuonepo?"

"Ndikamuonera komweko, Naphiri."

"Nkhuku imeneyo ndi yanga!"

"Ndiye kuti nawenso wapepesa. Ambuye akudalitse."

Awiriwa anakangana moyo wawo wonse. Agogo Sipiliyano ukwati wawo utatha ndi imfa ya akazi awo anabwerera kuno kwawo, n'kumanga nyumba moyang'anizana ndi ya mlongo wawo, ndipo ine ndimakhulupirira kuti anachita dala kuti asamavutike kuyenda akafuna mkangano. Ankakangana za mbuzi, za malire a mtedza, za amene anali wamtali pakati pawo, chonsecho onse awiri akaima m'munda wa chimanga cha mwezi umodzi ankasowa. Koma mkangano waukulu, umene sunathe mpaka wina analowa m'bokosi, unali wa mpando wachiwiri uja. Agogo Anasi ankati dzina ndi ngati mbewu yosungira, sumaionetsa kwa aliyense wodutsa. Ankati pakamwa pa achimwene awo padzatayitsa mtundu. Ndipo mwina sankanama.

Zinachitika bambo anga ali khanda lakumsana, zaka zija kutsidya kwa malire kunali nkhondo, anthu akubwera kuno ndi mitolo pamutu. Agogo Sipiliyano anapita ku Mponela kukagula tcheni cha njinga. Wokonza njinga wa kumeneko powaona anavula chipewa.

"Pepani ndi zovutazi, a Kadzankhungu."

"Zovuta ziti?"

"Simunamve? M'bale wanu uja wa ku esiteti ya fodya, njira ya ku Madisi. Watisiya dzulo."

Agogo anadziwa kuti kumeneko kulibe m'bale aliyense, chifukwa onse ankawasunga m'mutu ngati nyimbo. Koma tcheni chija anachimanga pomwepo, n'kupalasa.

Anafika kumisasa ya matenanti, anthu olima fodya wa eni ake aja. Kunalibe nyimbo, kunalibe moto wa maliro, anthu ochepa atangokhala pansi pa chigafa, maso ali pansi. M'kanyumba ka udzu munali mtembo wokulunga m'mphasa, ndipo pafupi pake panali mayi wowonda, mwana ali kumsana. Agogo ankati chinthu choyamba chimene anaona ndi mapazi. Mphasa inathera m'akakolo, mapaziwo anatulukira kunja, aatali ngati mipini. Pomwepo anadziwa kuti uyu m'magazi mwake mulibe dontho la kamunthu ka pachitsime kaja.

Kapitawo wa pamalopo anabwera akupukuta thukuta.

"Bambo, ndinu achibale? Mwachita bwino. Ife tasowa kolowera. Munthu alibe kwawo, mkazi sakunena kanthu. Abwana ati mawa galimoto ikamusiye kuchipatala, akaidi akamukwirire."

Agogo anapempha kuti ayambe alankhula ndi namfedwa. Anagwada pakhomo, n'kufunsa motsitsa mawu.

"Mayi, amuna anuwa bambo awo anali yani?"

Mayiyo anawayang'ana nthawi yaitali, kuyambira kuchipewa mpaka kujekete. Kenako anaphimba pakamwa.

"Ndinu. Ndinu bambo a mbatata aja."

Ndiye anafotokoza. Anathawa nkhondo iye ndi mwamuna wake, ali ndi pakati, akuyenda m'mapiri osadziwa kumene akupita. M'mawa wina nkhungu inawatsekera, njira inasowa, anakhala pamwala kudikira chilichonse chimene chibwere. Kenako anamva chitsulo chikulira. Anachitsatira, anachitsatira, mpaka anatulukira pakhonde pamene panali bambo wamfupi ndi mpando wopanda munthu. Bamboyo sanawafunse kumene achokera. Anamukhazika mwamunayo pampando, mkaziyo anamuyalira jekete, anawagawira mbatata, n'kuyamba nkhani ya kamunthu kamene kanadza ndi nkhungu. Atafika kuesiteti, kapitawo n'kufunsa dzina, mwamunayo anaopa kuti akatchula lakwawo awabweza. Ndiye anatchula lija.

"Anandiuza kuti si kuba," anatero mayiyo. "Anati dzina limenelo ndi la anthu ngati ife."

Choseketsa n'chakuti Agogo sanawakumbuke n'komwe. Pampando paja panakhala anthu ambiri. Koma ankati ali chigwadire pamenepo, anamva ngati nkhani imene akhala akuinena zaka zonsezo yadzuka, yavala miyendo, yayenda mtunda wonsewo, yadzagona pamphasa kuwadikira. Anadzuka, anasasa fumbi m'mawondo, anabwerera kwa kapitawo.

"Ndi wathu. Wa kwa bambo aang'ono."

Kapitawo anayang'ana Agogo, anayang'ana mapazi aja, anayang'ananso Agogo.

"Wanu ndithu?"

"Kuli ena aatali kumeneko. Amadya kwambiri nthochi."

Woimba belu wa tchalitchi, korona ali m'thumba, kunama chonchi! Ankati Loweruka lake anapita kukaulula kwa ansembe, koma anawachenjezeratu kuti abambo, ndabwera kudzakuuzani chabe, kulapa sindilapa.

Anabwereka ngolo kwa Mkhristu mnzawo, anakweza mtembo, mayi uja ndi mwana, njinga pamwamba. Anagona panjira. Ndipo m'mawa mwake, ngati kuti wina kumwambako amakonda nkhani zokoma, nkhungu inatsika. Agogo Anasi anali akusesa pabwalo. Amanena okha mpaka lero kuti anayamba kumva kulira kwa magudumu, kenako m'choyeracho munatuluka nyanga, kenako mitu ya ng'ombe, kenako chipewa, ndipo pamapeto pake, kumbuyo kwa ngolo, mapazi awiri akulendewera.

"Achimwene, mwanyamula chiyani?"

"M'bale wathu, Naphiri."

"Wa kwa yani?"

"Kadzankhungu."

Agogo Anasi anazungulira ngolo ija, tsache lili m'manja, anaima pamapazi paja.

"Miyendo iyi? Kwathu kuno alipo anabadwapo ndi miyendo yotere? Munthu uyu akanatha kuthyola papaya atakhala pansi!"

"Usanyoze maliro."

"Sindikunyoza maliro, ndikunyoza inu. Manda awo ndi a amayi athu. Si kotayirako aliyense amene mwamutola pamsewu."

"Bambo athu agona momwemo. Anabadwira muno?"

"Bambo athu tinkadziwa kwawo!"

"Nanga agogo awo a agogo awo, kamunthu kaja? Unkadziwa kwawo ndiwe? Akanakhala iwe pachitsime paja, bwenzi tonse kulibe."

Anthu anali atasonkhana. Mwana uja kumsana anayamba kulira, kulira kwa njala kosatulutsa mawu bwino. Agogo Anasi anamuyang'ana, anataya tsache, analowa m'nyumba, anatuluka ndi phala m'kambale, anapatsira mayi uja osamuyang'ana kumaso. Ndiye anatembenukira kwa achimwene awo, n'kunena mawu amene anakhala lamulo zaka zonse zotsatira.

"Dothi ndapereka, dothi silikana munthu. Mayiyu akhale, alime. Koma dzina sindinapereke. Ndipo ine sindimeta."

Kwa amene simudziwa za kwathu, maliro akaikidwa, m'mawa mwake achibale amasonkhana n'kumetedwa tsitsi. Anansi amalira nawo, amatema nkhuni, amatunga madzi, koma lumo limapita pamutu pa abale okhaokha. Ukafuna kudziwa kuti mwini maliro ndani, usafunse, ingoyang'ana mipala. Pabanja pathu wogwira lumo anali Agogo Anasi. Tsiku limenelo lumo analibisa. Agogo Sipiliyano anakabwereka lezala, anameta mayi uja, kenako anadzimeta okha popanda galasi, anatuluka mutu uli ngati munda wolima ana asukulu. Anayenda nawo choncho monyadira mpaka tsitsi linamera.

Mayi uja ndiye agogo anga ondiberekera bambo, anamwalira ine ndisanadziwe kanthu. Khanda lolira lija ndiye bambo anga, amene lero akalowa m'tchalitchi amawerama pakhomo. Inenso ndinatengera komweko, anzanga amati ndikagwa pansi mutu umafika mawa.

Bambo anakulira pakhonde la Agogo Sipiliyano. Agogowo anabereka ana aakazi okhaokha, ndiye bambo ndi amene ankawapopera njinga, kuwasenzera fodya, kuwaperekeza kumaliro a anthu osawadziwa. Koma pakagwa maliro pabanja pompano, m'mawa wa kumeta bambo ankatenga nkhwangwa n'kupita kukatema nkhuni pamodzi ndi anansi. Palibe ankawathamangitsa. Kungoti palibenso ankawaitana. Ine ndili mwana ndinkaona ngati ndi mwayi, chifukwa lumo la Agogo Anasi linali lobuntha moti linkazula m'malo mometa. Nditakula ndinaona mmene bambo ankabwerera madzulo ake, tsitsi lili lonse pakati pa mipala, akuyenda ngati avala malaya obwereka.

Agogo Sipiliyano anayesa njira zonse. Ananyengerera, anakalipa, anatumiza akatekisiti. Chaka china anakana kumetedwa pamaliro a msuweni wawo, ati ngati Matiyasi sameta inenso ndine mlendo. Agogo Anasi anangoti chabwino, lumo lipumule. Pamapeto pake anasiya kulimbana nazo, koma ankati akakhala pampando wawo, maso ali kuphiri, ankalankhula ngati akulota, kuti magazi ndi madzi a m'chitsime chimodzi, koma dzina ndi nkhungu, imanyowetsa aliyense amene wayendamo.

Matenda awo sanatenge nthawi. Miyendo inayamba kukana, kubelu bambo ndi amene ankachita kuwanyamula pakaliyala. Sabata yomaliza ndinali pomwepo pamene Agogo Anasi anabwera ndi phala. Ndinkayembekeza kuti tsopano anena mawu aakulu, za dzina, za ife. Koma anangoti:

"Naphiri, ndikapita, mpando uja usawotche."

"Ndiwotcha. Nkhuni zavuta."

"Uli ndi mtima ngati mwala wa mphero."

"Imwani phala, mukufuna mukafike kumeneko ndi njala, akaziti mlongo wanu sankakuphikirani?"

Anamwa. Anamwetulira. Patapita masiku ochepa anapita, masana dzuwa lili phwee, popanda ngakhale kamtambo, zomwe ine ndinaona kuti n'kupanda ulemu kwa nyengo.

Maliro anali aakulu. Kunabwera tianthu tatifupitifupi tochokera m'zigwa zonse, ena sitinawaonepo, aliyense ndi nkhuku yake, kubweza zija. Kunali ngati msonkhano wa zitsa. Ine ndi bambo tinkaoneka ngati mabulugama awiri m'munda wa mtedza, ndipo ndinamva mayi wina wa ku Ntchisi akufunsa mnzake kuti aataliwa ndi a boma kapena.

M'mawa mwake, tsiku lometa, nkhungu ija inafika, mochedwa ngati wachibale wa kutauni. Inali yokhuthala yoti ukhoza kuidula ndi mpeni n'kupaka pabuledi. Tinasonkhana pabwalo, Agogo Anasi atakhala pamphasa, lumo ndi beseni zili pambali. Ndinaona bambo akutenga nkhwangwa mwakachetechete n'kulowa m'choyeracho. Ine ndinakhala patali, pafupi ndi nkhokwe, ndikusisita tsitsi langa lomwe ndinali nditalisunga ngati nazale ya fodya, lometedwa m'mbali mokha, pamwamba lili njo.

Agogo Anasi anameta ana a malemu, anameta ana awo, anameta adzukulu. Tsitsi linkagwa pansi mwakachetechete. Ndipo m'kachetechetemo aliyense anayamba kumva chimene chikusowa. Kunja kuli nkhungu yotere, koma chitsulo chili zii. Agogo Anasi anaimitsa lumo m'mwamba, mutu wa mdzukulu uli theka, anatchera khutu kutchalitchi ngati aiwala kuti woimba uja tamusiya dzulo pansi pa msuku.

Ndiye chinalira.

Osati mwaulemu ayi. Chinalira mmene chinkalirira, mopanda manyazi, mokalipa, moitana munthu amene ali kutali kuphiri. Amayi ena anagwira pamtima. Mwana wina anathawira m'nyumba. Ine tsitsi lija linaima lokha kuposa mmene ndinalipesera. Chinalira, chinalira, kenako chinasiya, kulira kwake n'kumapitabe m'zigwa.

Tonse maso anali kunjira ya kutchalitchi. Poyamba munalibe kanthu. Kenako m'nkhungumo munayamba kuda pang'ono, chinthu chachitali, chopanda nkhope, chikubwera pang'onopang'ono ngati chikuyandama. Kunatuluka mutu, kunatuluka mapewa onyowa ndi mame, kunatuluka nkhwangwa. Anali bambo. Ataona kuti anthu onse akuwayang'ana anaima, anachita manyazi, anayamba kupatukira kunkhuni.

"Ndani uyo?" anafunsa Agogo Anasi.

"Ndi a Matiyasi, agogo," anayankha mdzukulu wa mutu watheka uja.

"Ndikuona kuti ndi Matiyasi, sindine wakhungu. Wamutuma ndani kubelu?"

Bambo anayankha ali chapatali, mawu ali pansi.

"Palibe, mayi. Ndinangoti mwina kuphiriko kuli wina."

Agogo Anasi anayang'ana mipala yonse imene inawazungulira, ana a ana awo, onse a maina a abambo ena. Anayang'ana khonde la achimwene awo. Anapukuta lumo pachitenje, mbali iyi, mbali inayo, nthawi yaitali kuposa mmene lumo limafunira.

"Kadzankhungu," anatero. "Taika nkhwangwayo. Bwera kuno."

Bambo sanasunthe. Ndikuganiza kuti ankayesa akuitana wina mwa aafupi aja.

"Ndikunena iwe! Ukufuna ndichite kukwera makwerero? Gwada, ndipo uwerame, mutu wako uli kumwamba ngati chisa cha khwangwala."

Bambo anagwada. Ngakhale atagwada, Agogo anachita kuimirira. Lumo lobuntha lija linayamba ntchito yake yozula, ndipo misozi imene inkatsika pamasaya pa bambo, tinagwirizana tonse kuti inali ya lumo. Atamaliza anawasisita pampala ndi chikhato chonyowa, kamodzi, mmene amachitira ndi mwana akamusambitsa.

Ine ndinali nditayamba kale kusuntha chammbuyo kulowera kuseri kwa nkhokwe.

"Nanga uyo akuthawayo? Iwe mwamuna wanga, bwera kuno! Chitsamba chimenecho ukusungira mbewa?"

Ndinadikira mawu amenewo moyo wanga wonse, ndipo anabwera ndi lumo. Atsikana a ku Mponela sanandiyang'ane mpaka mvula inagwa. Sindidandaula.

Mpando sanawotche. Ndikulemba pano ndikuona khonde lija kudzera m'nkhungu imene yayamba kupyapyala. Nyumbayo ndi yotseka, udzu wa padenga wayamba kuthothoka pakona, msomali umene ankapachikapo jekete uli pomwepo, wopanda kanthu. Njinga yatsamira khoma, matayala ali phwa. Bambo abwera kale kuchokera kubelu, akatekisiti atsopano adandaula kale. Agogo Anasi atulutsa mipando yonse iwiri, monga achitira m'mawa uliwonse wa nkhungu chaka chonsechi, akung'ung'udza kuti akungoiyanika kuti chiswe chingadye. Iwo sakhalapo. Amakhala pansi, pakati pake, miyendo atatambasula. Wa achimwene awo uli ndi kadzenje kosalala pakati, pamene thupi laling'ono lija linaukumba zaka zonsezo, ndipo mame adzazamo ngati kachitsime. Pawachiwiriwo aikapo mbatata.

Ndinapita kukawapatsa moni, ndinabwerera kudzatenga kapu, ndipo pobwereranso mbatata ija panalibe. Agogo Anasi akuti ndi nkhuku. Mwina. Koma ine nkhuku zakwathu ndimazidziwa, ndipo sindinaonepo nkhuku yosenda mbatata n'kuunjika makoko bwinobwino kumanzere kwa mpando, mmene ankachitira munthu wina wake wamfupi.